Bokosi Lotembenuza Mazira a Tatay

Singapore, 14 Okutobala

Kuya Efren,

Moni achimwene anga. Muli bwanji kumeneko, nanga bambo athu, Tatay, bondo lija likuwalola kuyenda? Ine ndili bwino, ndipo zithunzi za khola mwatumiza zija ndaziona. Nyanja kusefukira mpaka kudenga la khola, kalanga ine. Ndinalira muofesi mpaka mnzanga wina anandifunsa ngati kwathu kwagwa zovuta. Ndinamuyankha kuti eya, chifukwa abakha amenewo si abakha wamba. Ndi mtundu umene malemu amayi athu, Nanay, ankasankha okha chaka ndi chaka, woikira ngakhale mvula ichite kukhuthuka, ndipo tauni yathu yonse ya Victoria inkadzagula tiana kwa ife.

Mwati namondwe wasiya makumi anayi okha, ambiri okalamba, ndipo ena ayamba kuthothoka nthenga. Ndiye kuti mazira amene aikire masabata akubwerawa ndi omaliza. Akapanda kuswa amenewo, mtundu wa Nanay watha. Madengu a mankhusu amene Tatay ankafungatiramo mazira anapita ndi madzi, ndipo abakha athu mukuwadziwa, amangoikira n'kumapita, za kukhalira dzira alibe nazo ntchito.

Choncho ndawalembera Tatay kuti tiwapangire makina ofungatira, ndipo avomera tsiku lomwelo! Inu mukonze firiji yakufa ija ili kuseri, muikemo mathireyi, babu yotenthetsa ndi mota yopendeketsa mathireyiwo kuti mazira azitembenuka. Ine ndigula kabokosi kolamulira zonsezo ndi kulemba pulogalamu yake. Mundiuze kukula kwa mota kuti ndidziwe chogula.

Muwapatse moni Tatay. Muwakuwire kukhutu lakumanja, lakumanzere lija linasiya kalekale.

Mlongo wanu,
Ning


Victoria, Laguna, 17 Okutobala

Ning,

Tili bwino. Bondo la Tatay lachira lokha atangowerenga kalata yako, usadere nkhawa. Akuyenda nayo m'thumba la malaya, aliyense wodutsa pachipata akumuwerengera. Ngakhale wogulitsa buledi wa pa njinga uja wamva kale kuti mwana wa ku Singapore akupanga makina.

Avomera tsiku lomwelo, eti? Zabwino zimenezo. Ine makina omwewo ndakhala ndikuwauza kuyambira pamene fakitale yathu ya ku Calamba inatsekedwa ine n'kubwerera kuno. Ndinawajambulira papepala, ndinawasonyeza firiji yomweyo. Anandiyankha kuti dzira limafuna dzanja la munthu, ndisiye zoseweretsa ndikakolope khola. Unyamata wanga wonse unathera polemba mapulogalamu a timachipu, tiubongo ta m'makina ochapira zovala, koma pakhomo pano ndine wokolopa zitosi. Iwe walemba mizere itatu utakhala pa mpando wozungulira, basi dzira lasiya kufuna dzanja.

Ukudabwa kuti ndikulemba chonchi? Ndi nsanje, mlongo wanga, sindikubisira. Ikundidya kuyambira m'mawa.

Firiji ndikonza, poti abakhawo ndi a Nanay, si ako. Mota ndili nayo kale, ndinaisunga kuyambira nthawi imene ankandikanira ija, ndipo kukula kwake ndakujambulira. Utumize mankhwala opaka a bondo aja, atha.

Kuya wako,
Efren


Victoria, 24 Okutobala

Mwana wanga Luningning,

Ndine Tatay wako. Ndalemba ndi dzanja kuti Efren ajambule akutumizire, poti pa foni ndimangoona pakamwa pako pakuyenda osamva kanthu. Ndili bwino. Kodi ukudya? Pa chithunzi chija waonda.

Mkulu wako wamaliza firiji. Amagogoda tsiku lonse nkhope ili ndwii, ukamufunsa akuti palibe. Ntchito yake ndi yabwino ndithu, koma firiji ndi firiji, nzeru zake zili m'bokosi lako. Ndawauza a Ninong Turing, amene anakuimirira pa ubatizo, kuti adzabwere Lamulungu lina pamodzi ndi anzathu oweta abakha adzaone okha. Iwo mwana wawo ali ku Dubai koma amangowatumizira mafuta onunkhira ndi zipewa.

Mazira ndiyamba kusunga sabata yamawa. Fulumira mwanawe, abakha akuchepetsa kuikira.

Tatay


Singapore, 29 Okutobala

Kuya,

Moni. Kalata yanu ija inandipweteka, n'chifukwa chake ndachedwa kuyankha. Inu mumadya ndi Tatay tsiku ndi tsiku, mumawamva akamatsokomola, mumadziwa chimene chawakwiyitsa asanachinene. Ine ndili ndi kachipinda kokwana bedi lokha ndi kalata imodzi pa mwezi. Amanditama chifukwa sandiona ndikamalakwa. Nanenso ndimakuchitirani nsanje, mudziwe zimenezo.

Bokosi likubwera ndi mnzanga wa ku Santa Cruz amene akukwera ndege mawa, mankhwala ali momwemo. Pulogalamu ndaikamo kale, ndipo ndakutumiziraninso pamodzi ndi kalatayi. Kachipu kake n'kakang'ono zedi, ndiye ndayesetsa kuti kasamavutike ndi masamu. Chilichonse chimene kompaila ingawerengetseretu pamene ikumasulira zolemba zathu kupita m'chiyankhulo cha makina, ndaisiyira kompailayo. Kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa, kupeza chotsala, kuyerekeza chachikulu ndi chaching'ono, ngakhale kusankha kwa "ngati ichi, tenga icho", zonsezi imamaliza yokha makina asanayake, bola manambala ake akhale odziwika kale. Zimene singachitiretu ndi zosintha kanthu, monga kuika nambala yatsopano m'malo mwa yakale, kuwonjezera imodzi pa chowerengera, kapena kufunsa kachipangizo koyeza kutentha. Izo zimadikira magetsi alowe.

Mwachitsanzo, nthawi yotembenuzira mazira sindinailembe ngati chinambala chimodzi chosamveka. Ndalemba 4 * 60 * 60 * 1000, kutanthauza maola, mphindi, masekondi ndi tizigawo ta sekondi, kuti wowerenga aone kumene yachokera, kompaila ichulukitse yokha. Ndinayesa pa tebulo langa nditaika masekondi khumi m'malo mwa maola anayi, ndipo kamota kanga koyesera kanatembenuka bwinobwino.

Kuya, chonde muwerenge mzere uliwonse musanaikemo mazira. Kuntchito kwathu munthu saloledwa kuyatsa pulogalamu yake mnzake asanaiwerenge, ndipo ku Calamba kunali chimodzimodzi, munkandiuza nokha. Ine ndimalembera makompyuta akuluakulu a banki, timachipu timeneti ndinatisiyira kusukulu. Amene mumatidziwa ndinu. Sindikunena mokunyengererani ayi.

Tatay muwauze asamatsegule chitseko, kutentha kumathawa. Kanyali kobiriwira kakayaka ndiye kuti kutentha kuli bwino.

Mlongo wanu,
Ning


Victoria, 2 Novembala

Ning,

Bokosi lafika, mankhwala afika. Dzulo tinali kumanda kwa Nanay monga chaka chilichonse. Ndinapenta mandawo, ndinayatsa makandulo, ndinasenza mpando wa Tatay ndi miphika ya chakudya kuchokera kumsewu. Tatay anagwada ndi bondo lawo lomwelo n'kuwauza Nanay kuti asadandaule, Luningning wapulumutsa abakha. Ukudziwa kuti akamanong'ona amachita kukuwa. Mabanja onse a manda oyandikana nafe anamva, ena mpaka anabwera kudzafunsa kuti ukwatiwa liti. Ine ndinali pomwepo, penti ili mbuu m'manja.

Zikomo chifukwa cha phunziro la zimene kompaila imawerengetseratu, ndatolapo zambiri. Kungoti ndikukumbuka kamtsikana kena ka yunifolomu kakulira pa tebulo la kukhitchini chifukwa kompaila yakakanira nambala yosinthasintha pamalo ofuna nambala yodziwikiratu. Amene anakhala nako pansi n'kukafotokozera chizindikiro ndi chizindikiro ndinali ine. Lero ukundilakatulira ngati katekisimu.

Pulogalamu ndaiona. Ili bwino. Munthu wa ku banki angalephere kuchulukitsa? Mazira tiika Lolemba, akwana pafupifupi mazana awiri, ndipo abakha ambiri aleka kale kuikira.

Efren


Victoria, Lachitatu, 8 Novembala

Ning, mlongo wanga wanzeru,

Moni wa ku Victoria. Lero ndasangalala kuposa masiku onse, mpunga ndachita kuwonjezera kawiri.

Kuyambira Lolemba Tatay sachoka pa firiji. Amakoka mpando n'kumayang'ana kanyali kako kobiriwira ndi manambala a kutentha, ndipo kutenthako kuli bwino, ndikuvomera. Chitseko satsegula monga unalamulira, kagalasi kamene ndinaika pa chitsekopo kali ndi nthunzi, makutu awo ukuwadziwa. Koma ine makutu ndili nawo. Mota imeneyo ndinaimanga ndekha, ikamayenda imalira ngati mphaka. Chiikireni mazira sinalirepo ngakhale kamodzi.

Ndiye lero ndatsegula pulogalamu yako, kuiwerenga kwenikweni tsopano, poti tsiku lija ndinangoyang'ana dzina lako pamwamba n'kutseka. Sindinafike ndi pakati pomwe. Mzere wako wokongola uja, wa maola ndi mphindi, ndi umenewo.

Unanena zoona kuti kompaila imachulukitsiratu. Chimene unaiwala n'chakuti imachulukitsa ndi muyeso wa kachipu kamene ikukalembera, osati wa makompyuta ako a ku banki. Pa kachipu aka nambala wamba imathera pa 32,767. Masekondi ako khumi anakwanamo. Maola anayi sanakwane, anasefukira ngati madzi a m'ndowa othiridwa m'kapu, ndipo zotsalazo zitalowa pamalo pake zinasanduka masabata asanu ndi awiri. Bokosi lako lili phee kudikira kuti lidzatembenuze mazira pa Khirisimasi. Kompaila inachenjeza ndithu, koma machenjezo amakhala obisika munthu akapanda kuwayatsa, ndipo iwe sunawayatse.

Kukonza kwake n'kosavuta, kungoiuza kompaila kuti nambala yoyambayo ndi ya mtundu waukulu, basi zonse ziwerengetseredwa m'muyeso waukulu. Ndikonza Lamulungu. A Ninong Turing ndi anzawo akubwera tikaweruka ku Misa, Tatay aitanitsa kale nsomba ndi mowa. Ndikufuna anthu amenewo aone ndi maso awo mathireyi ali chiimire, kenako aone amene awayendetse. Kamodzi kokha m'moyo wanga, Ning. Mazira sangafe ndi masiku ochepawa.

Kuya wako wokolopa khola,
Efren


Singapore, Lachitatu lomwelo

Kuya,

Ndawerenga kalata yanu nditaimirira m'sitima, mpaka ndinapitirira potsikira. Ndalakwa, ndavomera, manyazi andigwira koopsa. Koma konzani lero, ndakupemphani.

Musadzinamize kuti masiku ochepa alibe kanthu. Sabata yoyamba ndi imene kamwana kamamatirira ku chigoba dzira likapanda kutembenuzidwa. Munakulira pa madengu a Nanay kuposa ine, munkawaona akusiya ngakhale alendo pakhonde kuti akatembenuze mazira. Ngati kukonza pulogalamu kukukuvutani mumtima, pendeketsani mathireyiwo ndi dzanja Tatay akapita kosamba.

Ndipo munandiuza kuti mwaiona, ili bwino. Ndinakukhulupirirani. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha chimene inu mumachidziwa kuposa ine, inu n'kuyesa ndikukunyozani.

Tichite chonchi. Konzani mwakachetechete, Tatay asadziwe kanthu. Ine ndiwalembera Lamulungu lisanafike kuti theka la pulogalamu munalemba ndinu, awerengere a Ninong Turing ndi wina aliyense. Musandivule pamaso pa anthu amenewo, Kuya. Kwathu ndilibe china chimene ndimadziwika nacho koma chomwechi.

Ndiyankheni msanga.
Ning


Singapore, Lachinayi, 9 Novembala

Okondedwa Tatay,

Moni Tatay. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mankhwala a bondo aja mukupaka m'mawa ndi madzulo, osati pokhapokha likapweteka. Ine ndikudya, musade nkhawa, dzulo ndinapeza mazira amchere pa sitolo ina koma safika pa athu.

Tchuthi cha Khirisimasi andivomera. Ndikufuna ndidzapeze tiana ta abakha tikuyenda pabwalo ngati kale. Mundisungire malo pa Misa ya m'bandakucha, ndipo mundiuze chimene mukufuna ndikubweretsereni, nsapato kapena wailesi yokweza mawu ija.

Makina akuyenda bwanji? Kuya akuwayang'anira, ngati pali kanthu kakang'ono akonza, iye amazidziwa. A Ninong Turing mukawapatse moni wanga, muwauze kuti sindinawaiwale. Lamulungu musamwe kwambiri.

Mwana wanu,
Luningning


Victoria, Lachisanu, 10 Novembala

Ning,

Theka? Wandichitira chifundo chachikulu. Firiji ndi yanga, mota ndi yanga, mawaya ndi anga, nzeru yokonzera cholakwa chako ndi yanga, ndiye iwe undigawire theka la dzina ngati ukupatsa mwana chotsala cha m'mbale. Sunga theka lakolo.

Kupendeketsa ndi dzanja sindingathe. Tatay sachoka pamenepo, ndipo mathireyi akasuntha adzati bokosi lako likugwira ntchito.

Kalata yako ndawapatsa. Aiwerenga kawiri, asekerera, aipinda bwinobwino. Ndaona kuti za mota sunatchulemo. Ndiye kuti tagwirizana, ndi Lamulungu.

Efren


Victoria, Lolemba, 13 Novembala

Ning,

Moni. Ndikudziwa ukufuna kumva, ndiye imva.

Anabwera asanu ndi mmodzi, a Ninong Turing patsogolo ndi chipewa chawo cha ku Dubai. Tatay anawatengera kuseri asanalawe ndi nsomba yomwe. Anafotokoza zonse ngati anapanga okha, kuti bokosi limadziwa kutentha, limadziwa nthawi, ndipo limatembenuza mazira maola anayi alionse munthu ali mtulo. A Ninong anati ndiye tidikire tione kutembenukako, poti iwo za kumva sakhuta nazo. Ndinangopukuta kagalasi ndi nsalu n'kukhala pambali.

Tinadikira. Mowa unatha botolo loyamba, lachiwiri. Wina anayamba kuseka kuti kapena bokosilo likutsata nthawi ya ku Singapore. A Ninong anafunsa ngati silifuna kulankhulidwa m'Chingerezi. Tatay ankangoti lidikireni, mwana wanga salakwa, koma thukuta linali litayamba kutsika m'khosi.

Pamenepo ndinaimirira n'kunena kuti mota imeneyi sinayendepo. Ndinatenga kompyuta yanga, ndinalumikiza, ndinawasonyeza mzere uja ngakhale panalibe womva, ndinaukonza. Nditayesa, mota inalira, mathireyi anapendekeka pang'onopang'ono onse akuona. A Ninong anandimenya pamsana n'kukuwira Tatay kukhutu kuti, "Pare, mnzanga, katswiri anali pakhomo pomwe pano, inu n'kumamukolopetsa zitosi!" Anthu anawomba m'manja. Mmodzi wandipempha kale kuti ndikamupangire yake.

Ndinayembekeza mawu amenewo zaka zambiri, Ning, ndipo anakoma. Sindinama, anakoma.

Koma Tatay sanawombe nawo. Anatsegula chitseko, anatenga dzira limodzi, analigunditsa pa chikope kuti amve kutentha kwake monga amachitira, analibwezera. Kenako anandifunsa kuti mazira sanatembenuke kuyambira liti. Ndinati kuyambira Lolemba. Anawerenga ndi zala. Ndiye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe wadziwa liti?"

Ndinati lero m'mawa.

Anabwerera kwa alendo, anawathirira mowa, iwo osamwa. Alendo atapita anakhala pa firiji mpaka mota inaliranso, dzanja lili pa chitseko kuti aimve ikunjenjemera. Lero adya pang'ono. Ndi manyazi chabe a pamaso pa a Ninong, apita.

Efren


Victoria, 21 Novembala

Ning,

Sunandiyankhe. Chabwino, khala chete, koma nkhani ya kwanu uyenera kuimva.

Dzulo Tatay anaunika mazira. Anatseka mazenera a mosungira chakudya cha abakha, anayatsa babu m'chitini chobowola, ine ndikuwapatsira limodzilimodzi. Anaika madengu awiri, la amoyo ndi la akufa. Ndinkayang'ana dzanja lawo likupita kudengu la akufa, kubwerera, kupitanso komweko. Ambiri kamwana kanayamba bwino, mitsempha ikuoneka, kenako kanamatirira mbali imodzi n'kuuma pomwepo. Dengu la akufa linadzaza, tinatenga lina. Otsala mufirijimo safika theka, ndipo Tatay akuti ngakhale mwa amenewo ambiri sakuwakhulupirira.

Usandiuze kuti unanena. Ndikudziwa kuti unanena. Chakudya sichikutsika.

Koma tamva chimene ananena titamaliza. Anasamba m'manja, anakhala pa thumba la chakudya, n'kundiuza kuti ndisakulembere za akufawa, ungadwale ndi maganizo uli wekha kutali. Akuti unachita zimene ukanatha, makina a kunja sadziwa nyengo ya kuno. Waona? Wochulukitsa molakwika ndiwe, koma wofunika kumusamala mtima ndiwe yemwe. Ine amene ndinawapatsira mazira akufawo ndi manja anga palibe wondifunsa ngati ndili bwino. Ndikanakhala ine wolakwitsa mzere umenewo, bwenzi Victoria yense atamva.

Ndimayesa Lamulungu lija nsanje ithera pomwepo. Ili pomwe inali, yangowonjezera kulemera.

Abakha aleka kuikira onse. Mwa abakha aamuna awiri amene anatsala, mmodzi wafa Loweruka, ukalamba.

Lemba, ngakhale kunditukwana.
Efren


Victoria, 6 Disembala

Luningning,

Ndine Tatay wako. Kalata iyi ajambula ndi kutumiza ndi a Ninong Turing, si Efren. Bondo lili bwino.

Mazira aswa. Tatuluka tiana makumi awiri ndi tinayi. Tisanu tili ndi miyendo yopindika, sitikhala moyo. Totsalato ndatiika m'dengu kuchipinda kwanga. Ngati pakhale tatikazi tokwanira ndi bakha wamwamuna wabwino sindikudziwa, tidzaona tikakula. Amayi ako anausamala mtundu umenewu kuyambira iwe usanabadwe.

Za manambala anu ine sindizimva. Efren wayesa kundifotokozera kuti pali masamu ena amene makina amachitiratu asanayake ndi ena amene amadikira, ndipo ako analakwika pochitiratupo. Ndamuuza kuti kulakwa masamu si mlandu. Inenso ndinaphapo dengu lathunthu ndi mankhusu otentha kwambiri, amayi ako anandikalipira, tinayambanso.

Koma ine ndine gonthi, si wakhungu. Sabata ija mkulu wako anayamba kuimba mluzu Lachitatu, milomo ndinkaiona. Ankawonjezera mpunga. Lamulungu kompyuta yake inali kale pansi pa mpando, nthambo atakulunga bwino. Ndiye titataya zigoba dzulo ndinamufunsanso kuti anadziwa liti. Anati Lachitatu. Ndinamufunsa chifukwa chake. Anati ankafuna ndimuone. Ndamuona.

Nditatembenuka kuti ndizipita anandigwira mkono n'kundikuwira kukhutu kuti si iye yekha, anakulembera iwe tsiku lomwelo ndipo unayankha. Sindinafune kukhulupirira. Ndinamuuza kuti akunama chifukwa cha nsanje yake, iye analira ngati mwana, bambo wamkulu wa imvi m'ndevu.

Mwana wanga, ine ndinali pa mpando pafupi ndi firijiyo sabata yonse, manja anga awiri ali pa maondo. Manja amenewa atembenuza mazira moyo wanga wonse. Sindinkafunika kumva za kompaila. Pankangofunika munthu mmodzi wondilembera pa kapepala kuti, Tatay, tsegulani chitseko mutembenuze ndi dzanja. Ndili ndi ana awiri odziwa kulankhula ndi makina, ndipo ndinkawanyadira mosiyana, limenelo ndi tchimo langa, ndikalinena kwa wansembe. Koma mazira aja sanalakwire munthu.

Efren akudyera kukhitchini, ine pakhonde. Pa Khirisimasi ubwere, ndiwe mwana wanga, chipinda chako ndasesa. Nsapato usagule, wailesi usagule. Usandiyimbire foni, sindimva. Ulembe ndi dzanja lako, ndipo undiyankhe chinthu chimodzi chokha. Lachinayi lija, pamene unkandilembera kuti ndizipaka mankhwala m'mawa ndi madzulo, unkadziwa?

Tatay